Maungu Amene Anamera Kudibi

Ana anga, pa nkhani zonse zimene mumandiseka nazo tikakumana pa Khirisimasi, ya maungu ndiyo imakukomerani koposa. Aliyense amaikometsera mwa njira yake, moti Chisomo wafika pomauza anzake kuti ine ndinathamangitsa agogo ake ndi chikwanje. Bodza limenelo. Tsopano popeza ndinapuma pantchito ndipo nthawi ikuchita kundichulukira, ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, zidzukulu zanga zisadzakule ndi nkhani ya Chisomo. Koma maunguwo simungawamvetse musanadziwe za dibi, ndiye ndiyambira kumeneko.

Kwa Msakambewa, zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a ulangizi wa ziweto, ntchito yanga yoyamba inali yoyang'anira dibi ina kwa Msakambewa ku Dowa. Ndinafika ndi sutukesi ya malata, njinga ya ofesi ndi matama ochuluka. Inu obadwira m'nyengo ya mapampu opopera simunaione dibi ikugwira ntchito. Inali ngalande yakuya ya simenti, yodzaza madzi osakaniza ndi mankhwala, ndipo ng'ombe zinkadumphiramo imodziimodzi n'kusambira mpaka kutsidya kuti nkhupakupa zife. Tsiku la dibi dera lonse linkakhala fumbi lokhalokha, malikhweru, kulira kwa ng'ombe, ndi fungo la mankhwala limene silinkachoka m'malaya ngakhale uwachape kangati. Anthu sanavutike ndi dzina langa loti Kachiza. Kuyambira tsiku loyamba ndinali a Vete, ndipo mpaka lero kumaliro amandiitana choncho.

Bwana wanga anali a Nyirenda, munthu wamfupi wa kumpoto, wovala kabudula ndi masokosi oyera ofika m'maondo ngakhale kuli matope. Ankabwera panjinga yamoto osanena tsiku. Akafika sankayamba ndi ine, ankayamba alonjera dibi: kuwerama, kununkhiza madzi, kenako kundiyang'ana. "Kachiza, awa ndi mankhwala kapena tiyi wa pamaliro? Ng'ombe ituluke muno osayetsemula?" Ndinkawaopa kwambiri, koma ndi iwo anandiphunzitsa ntchito, ndipo ng'ombe za dera langa zikanenepa ankandiyamikira pamaso pa anthu, osati kumbali.

Malo amene panali dibiyo anali a agogo anu a Naphiri. Anali kumtunda kwa dimba lawo, ndipo anawabwereketsa pamene akuluakulu ankafuna malo apafupi ndi madzi. Tsiku la dibi mwana wawo wamkazi, Esinati, ankabwera ndi beseni la zitumbuwa kudzagulitsa kwa eni ng'ombe. Ine zitumbuwa zimandipatsa chilungulira kuyambira kale, koma chaka chimenecho ndinadya zoti zikanakwana sukulu yonse. A Nyirenda ndi amene anatulukira. "Kachiza, ukapitiriza chonchi ufa. Tuma ankhoswe." Ndinatumadi, ndipo Esinati ameneyo ndi amayi anuwa.

Kuyambira tsiku la ukwati, ine ndi a Naphiri tinasiya kuyankhulana, monga mwambo unenera pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi. Ena masiku amenewo anali atayamba kale kuulekerera mwambowu, koma osati a Naphiri. Tikati tikumane panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine n'kuvula chipewa kuyang'ana kumbali. Mawu onse ankadzera mwa amayi anu, ngakhale titakhala pakhonde limodzi. Ndipo amayi anu akachokapo, agogo anu sankasowa mthenga, ankangouza chilichonse chimene chili pafupi. Ndinawamvapo akuti, "Iwe nkhuku, kawauze a Vete kuti denga la khitchini likudontha." Ine n'kuyankha nkhuku yomweyo kuti udzu ndimweta Loweruka. Musaseke, tinkamvana bwino kuposa anthu ambiri oyankhulana maso ndi maso.

Ndisanachoke kumeneko kunabwera lamulo loti mankhwala akale aja tisiye, chifukwa sankatha mphamvu: ankakhalira m'nthaka, m'mafuta a nyama ndi mumkaka momwe. Anatipatsa ena atsopano. Migolo ya akale imene inatsala tinaitsekera m'kanyumba ka pambali pa dibi, podikira galimoto yodzaitenga. Galimoto imene inabwera inali yodzatenga ine, kupita nane ku Ntchisi.

Ntchisi, zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira

Ku Ntchisi ndinakhalako zaka zambiri, ndipo nonsenu kupatula Chisomo munabadwira kumeneko. Inali nyengo ya kusowa. Mankhwala ankabwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu, madibi ambiri n'kutsekedwa. Eni ng'ombe anayamba kugula okha mankhwala opopera, ife n'kusanduka oyenda khola ndi khola. Mapiri a ku Ntchisi ndi njinga sizigwirizana: pokwera umaikankha, potsika umaipempherera. Nthawi ya dzinja msewu wochoka paboma unkasanduka phala, ndipo chaka china chubu chitasowa ndinayenda nyengo yonse ya mvula ndi tayala lopakira udzu. Komabe ndinkasangalala. Ndinathandiza ng'ombe zambiri kubereka, ndinafula nkhumba zosawerengeka, ndinadya nkhuku za alendo m'makomo a anthu, ndipo kutchalitchi anandisankha kukhala mkulu wa mpingo.

Kwa Msakambewa tinkabwera patchuthi, popeza ndinali nditamanga nyumba ino pamalo a amayi anu. Dibi yanga yakale inali itatsekedwa, ndipo chaka china mphepo inasasula denga la kanyumba kaja. Mvula inalowa, migolo inachita dzimbiri n'kubooka, mankhwala n'kutsetserekera kumunsi, m'dimba la a Naphiri. Pamene migoloyo inkadzachotsedwa, nthaka inali itamwa kale. Ndinapita kukaona ndekha. Pamene kale panali mpiru ndi tomato panali dazi lotuwa, ukakumba osapeza nyongolotsi ngakhale imodzi, ndipo dzuwa likatentha pankamveka fungo lija la m'malaya mwanga. Mtima unandiwawa, chifukwa dimba limenelo ndilo linaphunzitsa amayi anu sukulu. Madzulo ake agogo anu anakhala pamphasa atandifulatira, nauza amayi anu kuti, "Esinati, uwauze a Vete kuti ine ndinabwereketsa munda wamoyo. Ndisanafe andibwezere wamoyo." Ndinayankha kudzera mwa amayi anu kuti ndamva. Chochita ndinalibe, koma mawuwo ndinabwerera nawo ku Ntchisi ndipo sanandichoke m'mutu.

Kwa Msakambewa kachiwiri, zaka za m'ma 2010

Zitatsala zaka zochepa kuti ndipume, anandibwezera ku Dowa. Chaka chotsatira kunabwera mayi Mwale, katswiri wa za nthaka wochokera kusukulu ya ukachenjede, amene ankayendera malo a madibi akale. Anali wa msinkhu wa Chisomo, wovala majombo aakulu kuposa miyendo yake, wokonda kuseka. Anatenga dothi m'timabotolo, ndipo atabweranso anandiuza zinthu ziwiri. Dothi la pansi penipeni pa kanyumba linali loipa kwambiri, ndipo limenelo anadzakumba anthu ovala zodzitetezera n'kupita nalo kutali m'migolo yomata. Koma la m'dimba, anati, tikhoza kulichiritsa pompo.

"Ndi mankhwala anji?" ndinafunsa.

"Mankhwala ayi, a Vete. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Tilimo kale m'matope a dambo lanuli. Chofunika n'kupereka chakudya basi."

Ndinaseka. Moyo wanga wonse ndinkalipidwa kuti ndiphe tizilombo, ndiye ndikalambe ndikutiphikira? Koma mayiyo anakhala pachitsa n'kundifotokozera bwinobwino. Anati chimene chimalimbitsa mankhwala akale aja ndi klorini womatirira pa kachidutswa kalikonse ka mankhwalawo, osati wongosungunuka ngati uja timathira m'madzi akumwa. Klorini ameneyu ali ngati nthenga pa nkhuku, ndipo bola nthengazo zilipo, palibe chingadye nkhukuyo. Tsono m'matope, mmene simufika mpweya, muli mtundu wa tizilombo umene umasosola nthengazo imodziimodzi. Kusosolako ndiko kupuma kwake, popeza mpweya kulibe. Timeneti tikamaliza, pamabwera tizilombo tina tokonda mpweya, timene timadya nyamayo mpaka kutsala zinthu zosapweteka munthu. "Ndiye ntchito yathu ili pawiri," anatero. "Poyamba tinyowetse dothi, tithiremo chakudya, tifunditse kuti mpweya usalowe. Pakapita miyezi tivundukule, tigaule kuti mpweya ulowe. Kenako tibwerezenso, mpaka dothi litayera. Si za chaka chimodzi, musadzanditukwane."

"Nanga osaitanitsa tizilombo tamphamvu ta kunja bwanji?"

"Ta konkuno takhala tikulawa mankhwala amenewa zaka zonsezi, tinawazolowera. Kungoti tili ndi njala."

Mawu amenewo anandigwira mtima. Ndiye kuti pansi pa dazi lija panali antchito anzanga, osiyidwa opanda zipangizo ngati ine ku Ntchisi.

Chakudya chake chinali ndowe za ng'ombe, madeya ndi masese. Ndowe sizinavute, chifukwa khola lililonse limene ndinalithandizapo linatumiza ngolo. Mapepala akuda apulasitiki ofunditsira tinakagula kwa amalonda a ku Dzaleka, amene sasowa kanthu. Chimene chinandivuta ndi masese. Mayi Mwale anati zotsalira za mowa tizilomboti timazikonda kwabasi, ndipo ntchito yokatolera kwa amayi ofulula inagwera ine. Tangoganizani, mkulu wa mpingo, kunja kuli ngwee, akutuluka kuseri kwa nyumba ya mowa ndi zigubu panjinga, fungo likumutsatira pambuyo. Sabata isanathe abusa anandiitana. Ndinawafotokozera za nkhuku ndi nthenga zake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "A Kachiza, pa zifukwa zonse zimene ndamvapo kwa anthu ogwidwa ndi mowa, ichi chokha ndiye chatsopano." Ndinawatengera kudimba, anaona okha, ndipo pochoka anangondipempha kuti ndizidzera njira ya kuseri kwa sukulu, ndisamadutse patchalitchi.

Tinathira zonsezo, tinaunda mzere waukulu kumunsi kuti madzi asatulukire kumtsinje, tinapatutsira madzi a m'dambo m'mundamo, tinafunditsa mapepala n'kutsendereza m'mbali ndi dothi. Kuzungulira tinatchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi. Agogo anu ankaonerera patali, ndipo anauza galu wawo kuti chibadwire sanaonepo munda wofunda bulangete.

Chaka cha maungu

Mvula ya chaka chimenecho inayamba bwino kenako n'kudula, ndipo pofika Febuluwale m'nkhokwe zambiri munali mutatsala mphepo yokha. Ife a malipiro tinkapirirako. Koma pakhomo pa agogo anu pankadya ana a malemu mlamu wanga, ndipo ana amenewo anali atayamba kugonera phala.

Ndowe zija zinabwera ndi nthanga, chifukwa kwathu kuno zinyalala za kukhitchini zimatayidwa kukhola. M'mphepete mwa mapepala, mmene manyowa anatayikira, munamera maungu osabzala munthu. Ine masabata amenewo ndinali kumidzi yakutali ndi katemera wa ng'ombe, ndipo pobwera ndinapeza atayanga pamwamba pa mapepala ponse, masamba ngati maambulera, maungu ake akuluakulu oti mwana sanganyamule. Kunena zoona, sindinaonepo maungu okongola chotero, ndipo ndinakondwa zedi. Ndinaimbira foni mayi Mwale monyadira kuti munda wachira.

Mayi wokonda kuseka uja sanaseke. "A Vete, alipo wadyako?" Ndinati ayi, minga yawasunga, komanso ndi kumene akukhwima. "Asadye munthu, ngakhale nkhwani wake, ngakhale nkhumba isalawe. Pa mbewu zonse, dzungu ndilo limakoka mankhwala amenewa m'nthaka kuposa zina, ndipo mizu yake ili m'dothi losayera. Munthu sangagwe pompo ayi, koma zimakaunjikana m'thupi, makamaka mwa ana ndi amayi oyamwitsa. Muwateme, muwakwirire pansi pa mapepala omwewo, akhale chakudya cha tizilombo."

Kutema n'kosavuta pafoni. Kwathu kuno dzungu lomera lokha ndi mphatso, ndipo likamera pamalo pako ndi lako. Malowo anali a apongozi anga. Ine ndinali mkamwini, munthu wobwera, amene ngakhale nthochi ya kuseri kwa nyumba sadula osapempha. Ndinatuma amayi anu. Anabwerako ndi yankho loti agogo anu aseka mpaka kutsokomola. Akuti poizoni amaumitsa mbewu, sanenepetsa. Akuti Mulungu waona njala ya ana amasiye n'kubweza munda. Akuti Loweruka akathyola oyamba, ena apite nawo kutchalitchi Lamulungu kukayamika, ena aphikire ana. Ndinatumanso amayi anu kachiwiri, ndipo ulendo uno anabwerako atayamba kukayika iwonso. "Bambo a Chisomo, koma mwawaona bwino maunguwo? Mwina mayi wanu wa mabotoloyo walakwitsa."

Ndinalingalira kwambiri. Ndikanatha kupita mobisa, n'kunamizira ng'ombe za eni ake kuti zinathyola mpanda. Koma ndikanatero agogo anu akanangoti ndi tsoka, chaka chamawa n'kudzabzalapo dala. Ndinaona kuti ngati n'kutema, nditeme dzuwa likuswa mtengo, aliyense aone ndipo adziwe chifukwa chake.

Loweruka m'mawa ndinavala majombo ndi magolovesi, ndinanola chikwanje, n'kutsikira kudimba. Dzungu loyamba nditalitema, mkati mwake munali chikasu chowala, ndipo ndinamva chisoni ngati ndikupha chiweto chopanda matenda. Ndili pakati pa ntchito ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a Naphiri, dengu lili pamutu, ali okhaokha. Amayi anu anali kuchigayo. Panalibe nkhuku, panalibe galu, panalibe aliyense wonyamula mawu. Agogo anu anaima, anayang'ana zidutswa za maungu zili mbwee, kenako anatula dengu n'kuyamba kulowera kumene kunatsala osatema.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikwatirire. Ndinaponya chikwanje pansi (umve bwino iwe Chisomo, pansi), ndinavula chipewa, ndinagwada m'matope patsogolo pawo n'kuwayang'ana kumaso. "Amayi," ndinatero, "ndikudziwa kuti ndikulakwa kuyankhula nanu. Koma maungu awa ana asadye. Mankhwala aja ndinkawasungunula ndi manja angawa, ndikuwadziwa. Mundilipiritse chilichonse, mundithamangitse pamudzi ngati mufuna, koma dengu ili libwerere lopanda kanthu."

Anatembenuzira nkhope kudambo. Kenako anawerama, natola dengu lawo n'kuliuza kuti, "Tiye kwathu, dengu iwe. Kuno kwabwera anthu odziwa kuyankhula." Anapita osacheuka. Ndinatsala ndili chigwadire, manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi, kenako ndinadzuka n'kumaliza kutema. Ndinakwirira zonse, ndi masamba omwe.

Nkhani inafika kwa ankhoswe tsiku lomwelo. Milandu inali iwiri, kuwononga chakudya m'chaka cha njala ndi kuyang'ana apongozi kumaso, ndipo wachiwiriwo ndiwo unakula. Ndinalipa nkhuku, tambala wanga wofiira amene ndinkamunyadira, ndipo chimanga chimene ndinasungira nyumba yathu tinagawana ndi khomo la agogo anu mpaka zokolola. Ana amasiye aja anasiya kugonera phala, koma ife malamba anakula. M'mudzi ndinatchuka. Ndikamadutsa, amayi ankachita kufunditsa maungu awo ndi chitenje, amvekere, "Bisani, a Vete akubwera!" Amayi anu anandiphikira therere tsiku ndi tsiku mpaka mvula inatha, ndipo ndikafunsa za nkhwani ankati nkhwani ndinamaliza ndekha ndi chikwanje. Zonsezo ndinkaseka nawo. Chimene chinandiwawa n'chakuti agogo anu anasiya kunditumizira mawu. Nkhuku zinkangodutsa pakhonde popanda uthenga.

Zaka zomaliza pantchito

Nthawi yovundukula itakwana, tinachotsa mapepala. Dothi lotuwa lija linali lakuda bii, lonunkha ngati mazira owola, ndipo mayi Mwale anavina ndi majombo ake, amvekere limeneli ndi fungo la tizilombo tokhuta. Maungu anga anali atasungunuka osatsala ndi khoko lomwe. Tsopano panafunika makasu ambiri ogaula kuti mpweya ulowe, koma anthu ena ankaopa, ena ankangofuna kundikhaulitsa. M'mawa woyamba tinalipo awiri, ine ndi mayi Mwale. Dzuwa litakwera tinaona mzere wa amayi ukutsika, a Naphiri ali patsogolo ndi khasu lawo lakutha. Mayi Mwale anawagawira majombo ndi magolovesi. Agogo anu anayang'ana khasu lawo n'kuliuza kuti, "Akuti tiziweto ta a Vete tikufuna mpweya. Tiye tikagaule, mwina munda ungabwere ndikadali moyo." Ndinayang'ana kumbali monga mwa mwambo, koma mumtima ndinali kuvina kuposa mayi Mwale. Uthenga unali utayambanso kuyenda.

Tinabwereza kufunditsa ndi kuvundukula kwa zaka zingapo. Mayi Mwale ankabwera ndi timabotolo take, ndipo ulendo uliwonse ankati mankhwala atsika koma sanafike pofunika. Ulendo wina anatsika pang'ono kwambiri moti ndinataya mtima. Tinapeza kuti pepala linang'ambika pakati, mpweya n'kumalowa nthawi yosayenera, ndiye tinamata n'kuyambiranso. Nyongolotsi zinabwerera, kenako achule. Chilichonse chomera m'mphepete ndinkazula chikadali chaching'ono, ndipo agogo anu akandiona ankauza galu kuti wakupha maungu wafika. Ndinapuma pantchito ya boma munda usanachire, koma kudimba sindinapume.

Chaka chomaliza mayi Mwale anati dothi layera, koma mboni yeniyeni ikhale dzungu, popeza ndilo limakoka kwambiri. Likatuluka loyera, ndiye kuti mundawo wachiradi. Agogo anu, amene tsopano ankayendera ndodo, anakana nthanga za kusitolo. Anatulutsa zawo zimene ankasunga m'chikho kudenga la khitchini, nabzala okha. Maungu atakhwima, mayi Mwale anatenga angapo kupita nawo ku labotale, ena onse n'kutsala m'munda, ndipo palibe anawakhudza. Amene ankalondera kuti ana asathyole anali a Naphiri eni ake, atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pamiyendo.

Yankho linachedwa, ndipo ine ndinkadya osamva kukoma chifukwa cha nkhawa. Agogo anu anali atayamba kufooka, ndipo ndinkaopa kuti mawu awo a pamphasa aja adzatsala osayankhidwa. Foni inalira masana ena ndili kukhola. Mayi Mwale sanapereke ndi moni womwe. "A Vete, kawauzeni agogo atereke mphika!" Ndinathamangira kwa amayi anu, iwo n'kuthamangira kwa amayi awo, chitenje chili m'manja.

Mawa lake ndili pakhonde ndinaona a Naphiri akubwera pang'onopang'ono, ndodo kudzanja lina, mbale yovundikira kudzanja linalo. Ndinavula chipewa n'kutembenukira kukhoma. Amayi anu anadzuka kuti alandire mbale ndi uthenga womwe, koma agogo anu anawatchinga ndi ndodo. "Khala pansi iwe, watopa nazo zonyamula mawu." Anafika pamene ndinakhala, anaika mbale pamiyendo panga, navundukula. Munali dzungu lophika, lachikasu, nthunzi ili tolotolo. Ndinatembenuka. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire mwana wawo, nati:

"A Kachiza, munda wanga ndalandira. Nanga ili mudya, kapena mutema?"

Ana anga, ndinadya ndi makoko omwe, misozi ikugwera m'mbale, agogo anu akuseka mpaka kutsokomola.